Mwana wa eni pachifuwa panga

"Vulani shati, a Zulu," anatero a Sisita.

Inali sabata yanga yachitatu pa kiliniki ya ku Zemba. Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha miyendo. Ndinkanyamula thonje panjinga, ndiye akulu a mpingo anati ndizikoka kangolo ka odwala.

M'mawa umenewo, mwezi wa Juni, anandiitana kutsidya kwa dambo. Mayi wina, Nabanda, anali atachira kunyumba, miyezi isanakwane. Kamwana kake kanali ngati chinangwa. Amayi a m'mudzi anali atakasambitsa kale. Mkaka woyamba wachikasu uja anaufinyira pansi, amati ndi woipa. Anakakulunga m'chitenje chonyowa n'kukakweza m'kangolo ndi amake, ine n'kupalasa mwamphamvu, mphepo ili kuwomba. Njira yonse sikanalire. Ndinkati ndi mwana wofatsa.

Titafika, timanja take tinkanjenjemera. Bere sikankaligwira. A Sisita anakabaya kuchidendene, n'kudonthetsa magazi pa kamakina.

"Shuga watsika."

"Shuga si matenda a akuluakulu?" ndinafunsa.

"Wobadwa msanga nkhokwe yake ndi yaing'ono. Sanayamwe. Kotsalako kuzizira kwamaliza."

Kuzizirako ndinawonjezera ndine, ndi liwiro langa lija.

Nabanda ankataya magazi, ndipo a Sisita anali okha. Ndiye ndinavula. Anandiika kamwanako pachifuwa, khungu pa khungu, kachipewa kumutu, bulangeti pamwamba. Kanali kozizira ngati chule. Ndinakhala pabenchi osagwedezeka, kupuma pang'onopang'ono kuopa kukavulaza.

Magazi atasiya, a Sisita anafinyira mkaka wachikasu womwe uja m'kakapu, n'kumakamwetsa pang'onopang'ono kali pachifuwa panga. Kanameza. Patapita nthawi anakabayanso.

"Wakwera," anatero.

Kenaka kanalira, n'kundikodzera pamimba.

"Wakulipirani, a Zulu!" A Sisita anaseka.

Kuyambira tsiku limenelo m'kangolo simusowa bulangeti louma. Ndisanakwere njinga ndimafunsa: "Wayamwa?" Ngati sanayamwe, ayambe wayamwa, ndipo ulendo wonse akhale pakhungu la amake.

Tsikulo, dzuwa litapendeka, galimoto inabwera kudzawatengera kuchipatala cha ku Chadiza. Kamwanako kanali pabere, kakukoka. Nabanda anandiitana ndi mawu otopa.

"Atate, dzina lanu loyamba ndani? Mwanayu alibe dzina."

Ndinatola shati yanga, n'kupita kukapopa tayala.