Mdzukulu Wosokedwa Mimba

Ku Zingalume munthu akamwalira, khasu loyamba kugunda pansi kumanda linkakhala la a Simeoni. Anali mdzukulu wa zaka zambiri, wamfupi ngati mtondo, wosadziwa kukhala pansi anzake akugwira ntchito. Anthu ankawaseka kuti tsiku lawo likadzafika, adzadzuka n'kudzikumbira okha.

Chaka chatha, nthawi yokumba mtedza, matumbo awo anapotana. Mimba inafufuma, osatuluka ngakhale mpweya. A Petulo, mnzawo woyandikana nawo munda, anawagoneka m'ngolo n'kuthamangitsa ng'ombe mpaka kumsewu, komwe anapeza galimoto yopita kuchipatala. Kumeneko anawang'amba tsiku lomwelo.

Powatulutsa, namwino anawalangiza mosabisa. "Bambo, tasoka pawiri, mnofu wam'kati ndi khungu. Khungu lipola msanga, koma lisakunamizeni. Mukakumba kapena kusenza zolemera miyezi itatu isanathe, zam'kati zidzamasuka, matumbo adzatumphuka pansi pa khungu, ndipo mudzabwereranso kumpeni."

Anamvera, koma monyinyirika. Ankangokhala pakhonde kuswa mtedza, atamanga chitenje pamimba. Akayang'ana kumunda, akazi awo a Lonia ankawakumbutsa kuti fupa lokakamiza limaswa mphika.

Mwezi wachiwiri usanathe, a Petulo anagwa m'munda, osadzukanso.

M'mawa wa tsiku loika maliro, a Simeoni anayang'ana chipsera chawo. Chinali chouma ndithu. Anatenga khasu. Munthu amene anawapulumutsa, manda ake akumbe ena? Kungoganiza zimenezo kunawachititsa manyazi.

Njira yakumanda imadutsa pasiwa. A Ebelesi, mkazi wa malemuwo, ali m'nyumba anawaona akudutsa n'kutuma mayi wina kukawaitana. A Simeoni anagwada pakhomo, khasu lili m'manja.

"Atate," anatero a Ebelesi ndi mawu osasa, "tsiku lija amuna anga anakwapula ng'ombe zawo mpaka kuzitulutsa magazi, ng'ombe zimene sankalola ngakhale mwana kuzigenda. Anabwerako akulira. Mimba imeneyo si yanu nokha. Lisiyeni pano khasulo."

A Simeoni anawerama. Kenako analitsamiritsa kukhoma.

Kumanda anakhala pamthunzi, manja ali pamawondo, n'kumayang'ana adzukulu anzawo akukumba dzenje lokhota pang'ono. Sanawadzudzule. Bokosi litatsika, munthu amene anaika maliro a mudzi wonse ndi maso ouma anagwira pamimba ndi manja awiri, n'kulira mokweza.