Limba la Batani

Amalume atachotsedwa ntchito ku migodi, anabwerera kwathu ku Mwase Lundazi ndi sutikesi imodzi. Mkati munali malimba awiri a pakamwa, aja ena amati hamonika. Anawaika pa mphasa n'kutiitana ine ndi mng'ono wanga.

"Mukulu ndiye ayamba kusankha," anatero. Kwathu ndi mmene zimakhalira, kaya ndi nyama m'mbale kaya ndi malaya a salaula, aja a kaunjika.

Limodzi linali lofiira, lonyezimira ngati belu la njinga yatsopano. Linalo linali lalitali, lophwanyika pakona, lili ndi kabatani kam'mbali kouma ndi dzimbiri. Sindinachedwe, ndinatola lofiira. Mng'ono wanga analira mpaka mamina, ine ndikuliza langa pafupi ndi khutu lake.

Mvula itayamba, aphunzitsi a kwaya analengeza kuti akufuna munthu mmodzi wodzaimba limba pa Khirisimasi. Ndinkadziwa kuti malowo ndi anga. Koma nyimbo yawo inali ndi kamawu kena ka pakati kamene m'limba langa munalibe. Ndikafika pamenepo ndinkangolumpha ngati pali ngalande. Mng'ono wanga anali atafewetsa batani lija ndi mafuta a makina osokera a amayi. Ankangolidina ndi chala, kamawu kaja n'kutuluka. Aphunzitsi anasankha iye.

Nsanje inandidya, mpaka chakudya chinasiya kukoma. Ndinkauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti chimene chikuimba ndi batani, osati mwanayo. Chowawa kwambiri, pa tsikulo ndine ndinamukweza pa njinga kupita naye kutchalitchi, poti miyendo yake inali isanafike pa mapedulo. Amayi a mumpingo anamululutira. Ine ndinaima kumbuyo, maso ali pawindo, ati kuyang'anira njinga.

Pobwerera anandipempha kuti tiime pa mtengo wa mango, pafupi ndi munda wa fodya.

"Akulu," anatero, "ine nikali kufuna lofiila lija. Tisinthane?"

Ndinayamba ndanyinyirika pang'ono kuti asaone njala yanga, kenaka ndinamupatsa. Ndinapukuta la batani pa malaya n'kuyamba nyimbo ija. Batani ndinadina mochedwa, kachiwiri mofulumira, zonse zinkamveka ngati mbuzi yomangidwa pachingwe. Ndinadziuza kuti ndizolowera.

Iye anali chikhalire pa kaliyala, akusisita lofiira lija. Analiika pakamwa n'kuyamba nyimbo yomweyo. Atafika pa ngalande yanga ija anakoka mpweya mwamtundu wina, atakhotetsa kamwa, ndipo kamawu kamene ndinkalumbira kuti mulibe kanatuluka m'limba langa lomwe lija.

"Lilila bwino, akulu," anatero. "Yewo chomene."

Ndinapalasa mpaka kunyumba, limba la batani lili m'thumba mwanga. Iye kumbuyoko anaimba nyimbo ija njira yonse, osalumpha paliponse.