Glenys Hatchard ndi Keke ya a Stannard

Kuno ku Wickenhurst munthu akakuponda phazi, wopepesa umakhala iweyo. Ndi mmene tinaleredwera. Ngakhale chitseko tikachigunda timachipepesa. Munthu mmodzi yekha ndiye matendawa anamulambalala, Glenys Hatchard.

Ine ndi Glenys tinkakhala benchi imodzi kusukulu mpaka aphunzitsi atatopa nane. Iye anakula n'kukhala wophika pasukulu yomweyo, ndipo ana ankadya kabichi wake akulira, koma ankamaliza. Anakwatiwa ndi Len, dalaivala wa basi, munthu amene sindinamumvepo akumaliza chiganizo mkazi wake ali pafupi. Len atamwalira tinawotcha mtembo monga ananenera yekha, ndipo phulusa lake Glenys analiwaza pansi pa mtengo waukulu wa m'dambo la a Stannard. M'mawa uliwonse amapita kukamukalipira pamenepo.

Dambo limeneli lili m'malo aja boma linasiya dala mozungulira London kuti mzinda usatimeze. Ndi mmene timayendetsa agalu, kuthyola mabulosi ndi kuchitira chisangalalo cha mudzi chaka ndi chaka. Koma mwini wake, a Aubrey Stannard, atamwalira, mwana wawo analigulitsa kwa kampani yomanga nyumba. Mapu a nyumbazo atapachikidwa mu holo ya mudzi, Glenys anafunafuna mtengo wa Len ndi chala. Anapeza poimika magalimoto.

"Len wayendetsa basi moyo wake wonse," anatero. "Sangakagone pansi pa galimoto ya munthu wina."

Mudzi unatekeseka, anzanga. Anthu amene sanakwezepo mawu chibadwire anayamba kulemba zikwangwani, ena mpaka zilembo zikuluzikulu. Kenako mpongozi wa abusa, amene ndi loya, anatipezera lamulo. Nthawi imeneyo linkati anthu akasewera pamalo zaka makumi awiri, poyera, osathyola mpanda, osapempha chilolezo, malowo amasanduka bwalo la mudzi ndipo palibe angamangepo. Ife tinangomva zaka makumi awirizo, n'kuthamangira kumalo omwera mowa kukakondwerera. Za chilolezozo zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsiku lomva nkhani holo inadzaza mpaka m'mawindo. Boma linatumiza mkulu wina woti aweruze, kampani inatumiza loya wa mawu ozizira ngati namwino. Mboni yoyamba anali a Percival Ongley, mkulu wa mpingo.

"Bambo Ongley, kodi musanachite chisangalalo chanu munkapempha kwa a Stannard?" anafunsa loya wa kampaniyo.

A Ongley anatukula chifuwa. "Bwana, mukutiyesa anthu otani? Chaka chilichonse tinkapempha. Ndi keke ya zipatso pamwamba."

Aliyense wobwera pambuyo ankafuna kuposa mnzake ulemu. Ine nditaitanidwa ndinati ngakhale galu wanga ankayamba waodira. Anthu anaseka, ndipo ndinakhala pansi ndikudzimva. Nditacheuka ndinaona loya wathu atagwira mutu ndi manja onse awiri. Apo m'pamene mawu aja a chilolezo anabwerera m'khutu. Tinali titapereka dambo tokha, mwaulemu.

Anatsala Glenys. Anabwera ndi chikwama chake chogulira zinthu, osachisiya pampando.

"Mayi Hatchard, tamva kuti komiti ya chisangalalo inkatuma munthu kukapempha. Anali ndani?"

"Ine. Ndimakhala pafupi ndi famu ya a Stannard."

Loya wa kampani uja anamwetulira. "Ndiye a Stannard ankayankha chiyani?"

"Ndingadziwe bwanji? Sindinafikeko."

Kumwetulira kwa loyayo kunatha.

"Ngakhale kamodzi, mayi?"

"Mwana iwe, Aubrey anandilonjeza ukwati pansi pa mtengo womwe uja, kenako anakakwatira mtsikana wa galimoto. Ndiye ine ndikaime pakhomo pake ndi keke m'manja? Ndinkangozungulira kuseri kwa tchalitchi n'kubwerera kwathu. Komiti ikafunsa ndinkati zatheka."

A Ongley anadzuka kumbuyo. "Nanga makeke onse aja? Ankaphika ndi akazi anga."

"Kafunseni Len. Mumayesa mimba ija inali ya malipiro a basi?"

Woweruza uja anamenya tebulo, koma nayenso mapewa ankagwedezeka ndi kuseka. Loya wa kampani anati amenewo ndi mawu chabe, palibe umboni. Pomwepo ndodo inagogoda pansi. Anali mayi Rosalind Stannard, mkazi wamasiye wa a Aubrey, mayi ake a wogulitsa uja, akudzuka pang'onopang'ono.

"Amayi, khalani pansi," mwana wawo ananong'ona.

"Ndisiye. Bwana, mayi ameneyu sanapondepo pakhomo panga. Akanayerekeza ndikanamasula agalu. Ndipo keke ya mayi Ongley sindinailawepo, zomwe ndikuthokoza Mulungu."

Glenys anawayang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. "Wakalamba, Rosalind."

"Koma galimoto ndikadali nayo."

Chigamulo chitafika kuti dambo ndi bwalo la mudzi, tinaliza mabelu a tchalitchi mpaka chingwe chimodzi chinaduka. Amayi ena anavina mumsewu atavala zovala zophikira. Glenys anamunyamula m'mwamba anyamata a timu ya mpira, amene anakula ndi kabichi wake, iye akuwamenya ndi chikwama. A Ongley okha mpaka lero samuyankhula, ndipo akazi awo anasiya kuphika.

Dzulo ndinamupeza pansi pa mtengo uja atakhala pabenchi yatsopano, akuuza Len kuti mpope wa kukhitchini ukudonthabe. Ndinavula chipewa.

"Glenys, ndingakhale nawo?"

"Cyril Budgen, ukangopemphanso chilolezo m'dambo muno, ndikuwaza pompano usanafe n'komwe."

Ndinakhala, n'kumulanda theka la bisiketi yake.