Kugogoda kwa a Bruno pakhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinasamukira kutsidya kwa nyanja, ku Shawlands, m'nyumba yosanja ya makoma ozizira. Chipinda changa chinagundizana ndi cha a Bruno, bambo wokalamba wa ku Italy amene kale ankagulitsa nsomba ndi tchipisi. Ankakhala okha, ndipo kiyi wawo wachiwiri ankasunga ndi amayi anga, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba.

Ndikaweruka kusukulu ndinkadikirira amayi m'khitchini mwa a Bruno, momwe munkanunkha khofi wopserera. M'menemo ndi momwe anayamba kundiphunzitsa aneni a Chitaliyana. Buku sankalifuna. Ankadula mawu m'maphatikizo uku akugogoda patebulo ndi chala: par-la-no, kutanthauza kuti "akulankhula". Lilime langa linkathamangira kutsindika pakati, monga timachitira ponena kuti "bwerani", iwo n'kukwinya nkhope. Ankati mu parliamo, "tikulankhula", mphamvu ilidi pakati, koma mu parlano imabwerera kumayambiriro: kugogoda kolimba kamodzi, kofewa kawiri.

Phunzirolo linasanduka moni wathu wa m'mawa. Iwo ankagogoda parlano pakhoma, ine n'kuyankha parliamo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mphepo ikugwedeza mawindo, kugogodako kunachedwa. Ndinavala yunifolomu khutu lili kukhoma. Kenako kunamveka, katatu ndithu, koma kofanana konse, kofooka ngati madzi odontha pampopi. Sikunachokere pamalo pa masiku onse. Kunachokera m'munsi, pafupi ndi pansi.

Ndinathamanga kukauza amayi, omwe anali atangovula nsapato pochokera kuntchito ya usiku.

"Agogoda, si choncho? Ndiye ali bwino. Fulumira, basi ikusiya."

"Amayi, a Bruno sagogoda choncho. Ine nditatero angandikalipire."

Amayi anatenga kiyi uja n'kutuluka opanda nsapato.

Tinawapeza atagwa pakati pa bedi ndi khoma, kamwa litapotokera mbali imodzi, chala chikadali pakhomapo. Amayi anati ndi sitiroko, n'kuitana ambulansi.

Anapulumuka, koma kulankhula sikunabwerere. Masiku ano ndikawayendera kunyumba ya okalamba, ndimagogoda parliamo patebulo. Iwo amayankha ndi dzanja lamanzere, ndipo ndimapuma bwino ndikamva kuti kugogoda koyambako n'kolimba. Tsopano ndikudziwa kuti munthu akayankha sindiye kuti ali bwino. Ndimayamba ndamvetsera mmene wayankhira.