Kakowa woima ndi mwendo umodzi

Owerenga anga, mundilole sabata ino ndikambe za mbalame.

Ndili ndi chizolowezi chojambula chithunzi chimodzi tsiku lililonse m'kope la masamu, ndi bolopeni wamba. Ndimakhala pamthunzi wa thandala loyanikapo matemba padoko la Kachulu. Vuto langa ndi manyazi. Kwathu anatilera kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, ndiye nkhope zimandikanika. Chimene ndimaona ndi msana, khosi ndi kaimidwe. N'chifukwa chake anthu ndimawajambula ngati mbalame. Wogula nsomba wonenepa amasanduka vuwo. Makondakitala a minibasi za ku Zomba amasanduka akhwangwala. Ndi masewera chabe, ndipo sindinkaonetsa munthu.

Lachiwiri lapitali, Abiti Juma, mayi amene ndi eni thandalalo, anatambasula dzanja.

"Tabweretsa kuno. Tsiku ndi tsiku umangopalasa pepala ngati nkhuku. Ukutilemba mayina?"

Kuno kusandutsa munthu mbalame si nkhani yaing'ono. Ena akhoza kukutcha mfiti, padoko osadzapondaponso. Ndinapereka kopelo ndi manja awiri.

Atafika pa vuwo anaseka mpaka kutsamira thandala. "Awa ndi abwana aja otinyenga mtengo. Wawakomera mtima, mimba wachepetsa."

Kenako kuseka kunatha. Patsambalo panali kakowa amene ndinamujambula mvula isanagwe, ataima ndi mwendo umodzi, khosi litapendekera kumanzere.

"Awa ndi Che Mmadi," anatero motsitsa mawu.

Che Mmadi anali amuna awo, msodzi amene anatisiya m'dzinja lapitali. Munga wa mlamba unawalasa kuphazi kalekale, ndiye akamadikira ogula ankapumitsa phazilo pabondo la mwendo winawo. Ine sindinalembepo dzina, ndipo kakowa alibe nkhope ya munthu. Koma mayi aja sanakayike mpang'ono pomwe.

"Foni yokhala ndi zithunzi zawo inagwera m'nyanja," anatero. "Masiku ano ndikatseka maso sakubweranso bwino."

"Pepani, amayi. Ndikanakujambulirani nkhope yawo, koma sindinaiyang'anepo."

"Nkhope ya chiyani? Sikuti inali yosiririka. Ine ndinkawazindikira ali kutali, bwato lisanakocheze, ndi kaimidwe komweka."

Mpaka lero ndikudabwa. Timizere tingapo ta bolopeni, tojambulidwa mosewera, n'kubweza munthu pamaso pa mkazi wake? Zimatheka bwanji?

Kusukulu kwathu, wopezeka akujambula m'kope ankalandira chikoti. Tinakula tikudziwa kuti kujambula n'kwa ana, ndipo chithunzi chenicheni n'cha pafoni. Sindikunyoza foni ayi. Koma foni imagwira munthu atakonzeka, atakonza kolala, atamwetulira. Ndani mwa ife ali ndi chithunzi cha mmene amayi ake amaweramira popeta mpunga? Kapena mmene bambo ake amakandira m'mutu asanakane pempho? Izi n'zimene timasowa munthu akapita, ndipo palibe amene amazisunga.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwina ndikulakwitsa, ndine mwana, koma ndikuona ngati kujambula tsiku ndi tsiku ndi kudekha komweko. Luso langa n'lochepa. Miyendo ya mbalame zanga imakhota. Chimene kopeli landiphunzitsa ndi kukhala phee n'kuona munthu ali moyo.

Nanga inu, amene mumagona naye nyumba imodzi, mukudziwa mmene amaimira?

Tsamba la kakowa lija ndinawapatsa Abiti Juma, koma sanalole kuti ndilithothole ndi manja. Analidula okha pang'onopang'ono ndi mpeni wotumbulira nsomba, ataupukuta kaye pachitenje, n'kuliika m'jumbo osalipinda.

"Nanga ine ndine mbalame yanji?"

"Inu sindinakujambulenipo, amayi. Ndimaopa."

"Mawa ulawire. Ndipo uyang'anitsitse, usafulumire. Ana anga adzachifuna chithunzicho."