Kukayezetsa Taonga ku Kalingalinga

Tinanyamuka kwathu ku komboni ya George 6 koloko m'mawa, Lachiwiri, mwana wanga Taonga ali kumsana. Taonga ali ndi zaka zisanu. Sayenda, satha kukhala yekha, ndipo mutu wake umagwera kumanzere pakapanda chotsamira. Amaseka, amadya bwino, mawu anga amawadziwa. Koma walemera. Mwezi watha ndinajomba kawiri kuchipatala kumene amamuwongola miyendo chifukwa msana wanga unakana, ndipo anamwino anati tikamajomba chonchi miyendoyo idzauma.

Bambo ake a Taonga ndi mlonda. Ali ndi njinga yakale yothyoka fulemu, koma mawilo ndi tcheni zili bwino. Anamva za wowotcherera wina wa ku Kalingalinga, ba Sakala, amene amapanga fulemu monga mwini wafunira. Tinaganiza zoti atipangire njinga yoti ndizinyamulirapo Taonga. Pafoni ba Sakala anati tipite ndi muyezo wa mwana. Dzulo lake masana ndinamugoneka Taonga pamphasa, n'kutenga chingwe kuti ndimange mfundo kumutu ndi kumapazi. Apongozi anga analowa n'kundilanda chingwecho. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Wamoyo sayezedwa chogona. Timatero tikamapita kwa wokhoma bokosi." Pamzere wotunga madzi anthu amanena kale kuti ana otere sakhalitsa. Choncho ndinanyamuka wopanda muyezo, osadziwa chimene ndikanene kumeneko.

Minibasi ya m'tauni inali K12. Kondakitala anayang'ana miyendo ya Taonga ikulendewera kunsi kwa chitenje.

"Amai, uyo mwana ni mukulu, azalipila."

Anandiyankhira mayi wina wa beseni la zitumbuwa: "Iwe, ali pa mendo ya amake. Ufuna na mendo ilipile?" Basi yonse inaseka, kondakitala n'kutulutsa mutu pawindo ngati waona munthu wofuna kukwera. Mayiyo anandipatsa chitumbuwa chimodzi. Ndinkamunyemera Taonga pang'onopang'ono tikudutsa Matero, fumbi likulowa pawindo losatsekeka.

M'tauni tinafika cha m'ma 8. Ndinayenda pansi pakati pa oyendetsa mawilibala mpaka pokwerera mabasi a ku Mtendere, K13. Ndinauza kondakitala motsitsa kuti anditsitse pa Kalingalinga, sanamve, mpaka ndinanena kachitatu.

Ku Kalingalinga m'mbali mwa msewu ndi zitsulo zokhazokha: mageti, mafulemu a mawindo, mabedi, mbaula. Pa kalipentala wina ndinaona mabokosi a maliro atatu atatsamiritsidwa kukhoma, limodzi laling'ono, loyera. Ndinawoloka msewu n'kukayenda mbali inayo.

Ba Sakala ndinawapeza 9 koloko itangokwana. Ndi bambo wa imvi, ovololo yawo yobowokabowoka ndi moto, magalasi akuda ali pamphumi.

"Ndimwe amake Taonga? Tikambe musanga, malaiti yazayenda ma teni. Sayizi mwabwela nayo?"

"Ayi."

"Mwaibala?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anapukuta benchi ndi kansanza. "Palibe vuto. Mugonekeni apa nimupime."

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka ndinagunda mapaipi, anagwa ndi phokoso. Ba Sakala anandiyang'ana, anayang'ana benchi, kenako tepi imene inali m'manja mwawo.

"Kwanu ni kuti, amai?"

"Ku Katete."

"Ine ku Chadiza. Munikhululukile, nazolowela kupima visulo." Anatembenuza ndowa ya penti. "Nkhalani apa, mumuike pa mendo. Pa njinga sazagona, azankhala. Tipima wonkhala."

Ndinamasula chitenje. Asanayambe anagwada n'kumupatsa moni Taonga pogwira dzanja lake lopinda. Anayeza kuchokera pokhalira kufika paphewa, kenako pamutu, kuchokera kumsana kufika pabondo, pabondo kufika kuchidendene. Tepi ikamabwerera inkalira, Taonga n'kumaseka mpaka malovu kutsika. Manambala ankawalemba ndi choko pasimenti.

Kenako anajambula njinga pansi pomwepo, ya mawilo atatu, n'kuyamba kundifunsa. Paipi yopepuka kapena yolemera? Anati yopepuka imapalasika bwino koma mabampu amaithyola. Ndinakumbukira msewu wa kwathu nthawi ya mvula, ndinasankha yolemera. Chitsulo cha pakati anati achitsitsa kuti ndizikwera ndi chitenje. Anandiimiritsa pafupi ndi njinga ina kuti aone kutalika kwa chishalo osandikhudza.

"Manje mpando. Kutsogolo olo kumbuyo?"

"Kumbuyo," ndinatero. "Wa mbali zazitali."

"Kuti bantu basamuone?"

Ndinamukumbatira Taonga, iwo n'kupitiriza:

"Ni njinga yanu. Koma kumbuyo akatsamwa simuzaona."

Zimenezo n'zoona, amatsamwa kawirikawiri. Ndinaganizanso kuti zaka zisanu zonsezi, tikatuluka panja, Taonga amangoona khosi langa. Ndinati kutsogolo. Ndiye mawu anatuluka okha, osafunsidwa: ndinawauza kuti mutu umagwera kumanzere, pafunika chotsamira mbali imeneyo, chokutidwa ndi siponji, ndipo lamba asadutse pamimba koma pachifuwa chifukwa amasanza. Anafufuta ndi phazi n'kujambulanso.

"Mwaona? Injiniya ndimwe."

Atayamba kukopera manambala m'kabuku ndinaona kuti si omwe anali pasimenti. Sukulu ndinalekera giredi sikisi, koma manambala ndimawerenga.

"Mwalakwitsa, bambo. Apo panali 58."

"Sininalakwitse, nawonjeza. Poponda mendo na chosamila mutu nizamangila mabawuti, vibowo vitatu. Chaka cha mawa muzasendeza apa, chinacho apa. Akafika zaka naini muzabwela tiwonjezele paipi."

"Zaka naini?"

"Nanga? Bana bakula, amai. Nikapanga yolingana lelo, chaka cha mawa muzanitukwana."

Ananena ngati akunena za mtengo wa misomali, maso ali pakabuku. Chibadwire Taonga, palibe munthu ananenapo za zaka zake zisanu ndi zinayi. Ngakhale ine. Ana a anzanga amagulidwa zovala zazikulu zoti akuliremo, koma ine pa salaula, pogulitsa zovala zovalidwapo kale, ndimasankha zomukwana tsiku lomwelo, ndipo ndinali ndisanadzifunsepo chifukwa chake.

Malaiti anazimadi, makina a mzere wonse n'kukhala zii. Ba Sakala anati bambo ake a Taonga abweretse mawilo awiri aja Loweruka, wilo lachitatu iwo ali nalo kale, ndipo pakatha masabata awiri tibwere tonse kudzayesa. Anandithandiza kukweza Taonga kumsana.

Pobwerera ndinatsika m'tauni 12 koloko, dzuwa lili pamutu. Ndinagula madzi a m'kapulasitiki oti timwe tonse awiri. Pafupi ndi pokwerera mabasi a ku George panali mulu wa salaula. Ndinaima nthawi yaitali. Ndinatola diresi la buluu la matumba awiri, K25. Wogulitsa anayang'ana kumsana kwanga nati, "Iyo ni ikulu, sisita, ni ya bana ba giledi fili." Ndinati ndikudziwa.

Tinafika kunyumba cha m'ma 2. Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba. Anafunsa ngati anamuyeza, ndinati inde, atakhala pamiyendo panga. Anapuma mokoka. Kenako anatambasula diresi lija.

"Lalikulu ili."

"Adzakuliramo, amayi."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi singano. Anapinda m'munsi mwake kawiri n'kuyamba kusoka motalikitsa, kusoka kosavuta kumasula. Sizasi inali pomwepo m'mbale ya ulusi, sanaigwire.

Ndinapita ku Kalingalinga kukafuna chopumitsa msana wanga, ndipo njingayo sindinaione n'komwe. Chimene ndinabwera nacho ndi mabowo atatu aja. Ndimawawerenga m'mutu ndikamatunga madzi: chaka chino, chaka chamawa, chinacho.