Khola la Malata Kuseri kwa Nyumba Yanga

Mpaka lero munthu akandiuza kuti galu amafunika kumutsekera kuti akhale waukali, ndimalakalaka nditamuwomba mbama.

Galu wanga ndinapatsidwa ndi dokotala wina amene ndinkagwira naye ntchito pa Neno Boma, pamene ankasamukira ku Blantyre ku nyumba yopanda bwalo. Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Dedza, ndipo galu wotere ndinali ndisanamuonepo. Mtundu wake amati bokosa. Anali wa chifuwa chotambalala, ubweya waufupi wofiirira, mphuno yophwathalala ngati anagunda khoma, ndi nkhope yokwinyika ngati wakwiyira dziko lonse. Koma ukaliwo unathera pa nkhope pomwepo. Ndikaweruka ku ntchito ankandilumphira mpaka pachifuwa n'kundipaka dovu pa yunifolomu, thupi lonse likugwedezeka. Amayi oyenda ndi madengu a manachesi anamuthawa tsiku loyamba, lachiwiri anali akumusisita mutu.

Pondipatsa chingwe chake, dokotala uja anandiuza zinthu ziwiri. Galuyu sakhala yekha, ndipo sapirira kutentha chifukwa mphuno yake ndi yaifupi, sapuma bwino dzuwa likaswa mtengo. Ndinagwedeza mutu, mawuwo n'kuwasunga ndekha osauza wina aliyense. Limenelo ndi tchimo langa ndipo sindilibisa.

Chaka chomwecho achimwene anga aakulu anabwera kudzakhala nane, akuti apeze maganyu a zomangamanga. Tsiku lina anaona galu akunyambita dzanja la bambo wogulitsa makala, ndipo anachita ngati aona malodza.

"Iwe mlongo wanga, kodi chimenechi ndi galu kapena mbuzi? Galu asamaone anthu. Umutsekere masana onse, umuthire tsabola m'chakudya, ukadzamutsegulira adzaluma ndi mwala womwe."

Anayamba kumukwapula ndi mkwapulo wa bulugamu akawalumphira powalonjera. Galuyo sankadziwa chimene walakwa. Ankagona chagada, kenako n'kubwereranso kwa iwo omwewo. Ine ndinkangoti, "Achimwene, musiyeni," motsitsa mawu, monga mwana wamkazi woleredwa bwino amayankhulira ndi mkulu wake. Ulemu wopusa! Ndinawaona akukhoma malata akale kuseri kwa nyumba ndipo sindinafunse n'komwe kuti akumanga chiyani.

Mu Okutobala ananditumiza ku Dambe masiku atatu kukathandiza pa katemera wa ana. Ndinasiya chakudya cha galu ndi beseni la madzi pakhonde. Ndinabwerako Lachisanu masana pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Pageti palibe anandilumphira.

Achimwene anali pansi pa mtengo wa mango, atavula malaya, akudzipepesa ndi katoni.

"Ndakukonzera galu wako," anatero monyadira. "Dzana ndi dzulo wauwa tsiku lonse. Lero wangoti zii. Ndiye kuti ukali wayamba kulowa."

Ndinathamangira kuseri. Kholalo linali pamtetete, malata mbali zonse, malata pamwamba, lalifupi loti galu sakanatha kuimirira bwino. Pogwira chitseko ndinapsa dzanja. M'katimo munalibe ndi dontho lomwe la madzi, chifukwa achimwene ankamumwetsa kamodzi m'mawa basi, akuti madzi ambiri amafewetsa galu. Galuyo anali atagona chammbali, lilime lili lende, lakuda bii, akupuma ngati sowo yobuntha.

Ndinamukokera pamthunzi. Ndinanyika chitenje changa m'madzi n'kumuphimba pamimba, ndikumuthira madzi m'khosi ndi m'miyendo. Ndinaimbira foni alangizi a ziweto, koma anali ku Magaleta, njinga yawo itaphulika tayala. Ndatsitsapo ana ambiri kutentha thupi ndi manja omwewa, koma apa sanandithandize kanthu. Dzuwa lisanapendeke galu wanga anali atafa.

Achimwene anamuyang'ana, n'kutsonya.

"Agalu achizunguwa ndi ofooka, eti. Wakumudzi sakanafa."

Chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu. Tsiku limenelo ndinawalalatira mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Ndinawauza kuti alowe iwowo m'kholamo ola limodzi lokha, tione ngati atuluke aukali. Ndinawauza kuti mawa akwere minibasi yoyamba. Anakweradi.

Kumudzi nkhani inafika yoti ndinathamangitsa mlongo wanga chifukwa cha galu. Azakhali anaimba foni, amvekere magazi ndi magazi, chiweto chimagulidwa china. Akuti ndikapepese. Sindinapepese, ndipo sindikuona tsiku limene ndidzapepese.

Akumudziwo sanaone zimene ndinaona ine. Pamene ndinkamuthira madzi galu paja, ndowa inatha, ndipo ndinakuwira achimwene kuti abweretse ina. Anabwera nayo mokokeza miyendo n'kuima pafupi ndi mutu wake. Galuyo sankathanso kudzutsa khosi, maso anali atayamba kuchita chifunga. Koma atamva fungo la munthu amene anamutsekera masiku atatu m'malata otentha, anayesa kumulonjera monga mwa masiku onse. Mchira wake unagunda pansi kawiri.